Kamera ikamakana kujambula mwa apo ndi apo: poyambira kufufuza

Kamera yomwe yafa kotheratu sivutitsa mutu, imangopita kwa okonza. Yosautsa ndi ija imajambula bwinobwino zithunzi makumi angapo, kenako mukadina batani osamva kanthu, pakapita kamphindi n'kuyambiranso ngati palibe chachitika. Mukainyamula kupita nayo kwa okonza ku Limbe kapena m'tauni, ikafika kumeneko imajambula mosavuta, inu n'kumaoneka ngati mukunama.

Kamera ya digito sitsegula shata, kachitseko ka m'kati kolowetsa kuwala pojambula, isanatsimikize zinthu zingapo: kuti fokasi yapezeka (chojambulidwacho chikuoneka bwinobwino, osati mwachimbuuzi), kuti pali poika chithunzicho, kuti batire lili ndi mphamvu zomalizira ntchitoyo, kuti fulashi yakonzeka, komanso kuti lenzi ikuyankha. Chimodzi chikasowa imadikira. Kukana kwambiri komwe anthu amakutcha kuwonongeka kumakhala kudikira kumeneku, ndipo ntchito yanu ndi kupeza chimene ikudikiracho.

Choncho ikakana, musafulumire kuizimitsa kapena kuzula batire, chifukwa mukatero mwafufuta umboni. Siyani chala pa batani mutadina theka, muyang'ane zolembedwa m'munsi mwa kagalasi kosuzumirira, muyang'anenso kanyale ka pafupi ndi chitseko cha khadi ngati kayaka, ndipo mumvetsere ngati lenzi ikuyenda cham'tsogolo ndi cham'mbuyo osakhazikika. Zitatu zimenezi zimaloza kale kumene vuto lili. Ndipo poyesa, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha batire, khadi ndi lenzi pakamodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chomwe chinali cholakwa, ndipo mudzachibwezeramo osadziwa.

Yambani ndi fokasi

Kuyesa kwake n'kwa masekondi ochepa. Kamera ikangokana, sunthani kaswichi ka pa lenzi kuchoka pa AF (kamera kudzipezera yokha fokasi) kupita pa MF (inu kuipeza ndi dzanja), kapena sinthani mu menyu ngati lenzi yanu ilibe kaswichiko, ndiye mudinenso. Ikajambula nthawi yomweyo, kamera yanu ilibe matenda. Inali kukana chifukwa sinapeze fokasi.

Pa One Shot ya Canon ndi AF-S ya Nikon, omwe ndi makonzedwe a fokasi ojambulira zinthu zosasuntha, kamera inapangidwa kuti isajambule fokasi isanagwire. Kadontho kobiriwira ka m'munsi mwa kagalasi kosuzumirira kakamaphethira, ikukuuzani kuti yalephera. Imalephera pamene kuwala kuli kochepa, ndiponso pamene mwailozetsa pa chinthu chosalala chopanda mizere kapena malire ooneka. Diresi loyera la mkwatibwi, suti yakuda ya mkwati, khoma lopaka laimu, thambo lopanda mtambo, zonsezi kwa kamera n'zopanda pogwira. M'tchalitchi chamdima pang'ono ngati cha St Michael and All Angels, kapena m'holo madzulo nthawi ya perekaniperekani magetsi atazima, zimenezi zimachitika pafupipafupi, pomwe panja masana kamera yomweyo imajambula osaphonya. N'chifukwa chake vutoli limaoneka ngati likungobwera lokha.

Sankhani nokha kadontho ka fokasi ka pakati. Pa makamera monga Canon 1300D ndi Nikon D3200 kapakatiko ndi kamene kamaona mizere yoimirira ndi yopingasa yomwe, kotero kamagwira pomwe ena akulephera. Kalozetseni pomwe pali malire: pa diso, pa kolala ya shati pokumana ndi jekete, m'mphepete mwa maluwa. Dinani theka, fokasi ikagwira musasiye chalacho, konzani chithunzi mmene mukufunira ndiye mumalize kudina. Nikon ili ndi kanyale koyera kutsogolo kothandiza mumdima, kamene kamafika mamita atatu okha, ndipo chala kapena chotchingira dzuwa cha pa lenzi chimakaphimba mosavuta. Ma Canon otsika mtengo amagwiritsa ntchito fulashi yake yomweyo pothandiza fokasi, choncho muyenera kuitukula kaye.

Kuyandikira kwambiri nakonso kumakanitsa. Lenzi iliyonse ili ndi mtunda womwe singaone chinthu choyandikira kuposa pamenepo. Ya 18-55mm imafuna pafupifupi masentimita 25 mpaka 30, pomwe Canon 75-300mm imafuna mita imodzi ndi theka. Wojambula mphete kapena keke ali ndi lenzi yaitali akangosendera pang'ono, batani limauma. Bwererani m'mbuyo phazi limodzi kapena awiri.

Kwa ojambula mpira ku Kamuzu Stadium kapena magule, One Shot ndi AF-S sizoyenera n'komwe, chifukwa munthu akusuntha fokasi isanakhazikike. Ikani AI Servo pa Canon kapena AF-C pa Nikon, zomwe zimatsatira chinthu choyenda. Pa ma Nikon okwerako muli malo mu menyu osankhira ngati kamera izidikira fokasi kapena izijambula mukangodina. Akalembedwa Focus imadikira, akalembedwa Release imajambula.

Khadi, lomwe ambiri amaliganizira pomaliza

Mukaika pa MF koma ikukanabe, ndipo kanyale ka pa chitseko cha khadi kayaka kapena kakuphethira, kamera ikulemba. Chithunzi sichipita pa khadi mwachindunji. Chimayamba chakhala mu buffer, yomwe ndi memore yaing'ono ya m'kati mwa kamera, ndiye n'kumatsanulidwira pa khadi pang'onopang'ono. Zili ngati pa chigayo: mukathira chimanga mofulumira kuposa mmene chikugayira, pamwamba pamadzaza ndipo mumadikira. Canon imalemba buSY, Nikon imasonyeza r ndi nambala ya zithunzi zomwe zingalowebe, nambalayo ikafika pa ziro batani silimva.

Masamu ake ndi awa. Canon 1300D imalandira zithunzi 6 zotsatizana za RAW (mafayilo aakulu osakonzedwa ndi kamera) buffer isanadzaze, chilichonse cha pafupifupi 25MB. Khadi lolemba 10MB pa sekondi lidzatenga masekondi 15 kuti limalize zonsezo, ndipo m'masekondi amenewo akwati apsompsonana kale. Khadi lolemba 30MB pa sekondi limatenga masekondi 5. Nambala yaikulu yomwe imalembedwa pa khadi, monga 100MB/s, ndi liwiro lowerengera, osati lolembera, ndiye isakunyengeni. Yang'anani chizindikiro cha U3 kapena V30, chomwe chimatanthauza kuti silitsika pansi pa 30MB pa sekondi polemba. Class 10 ndi U1 zimangolonjeza 10MB. Ngati simukonza zithunzi zanu kwambiri pa kompyuta, kujambula JPEG yokha, yomwe ndi fayilo yaing'ono, m'malo mwa RAW ndi JPEG pamodzi kumachepetsa kudikiraku kwambiri.

Tisanapitirire: kanyale kaja kakayaka musatsegule chitseko, musazule batire. Mukatero mumadula fayilo pakati, nthawi zina n'kusokoneza khadi lonse.

Makhadi achinyengo ndi nkhani yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Khadi limalembedwa 64GB, kompyuta n'kusonyezanso 64GB, koma m'kati muli malo a 8GB okha. Limagwira ntchito bwino mpaka malo enieniwo atadzaza, kenako kamera imayamba kukana, kapena choipa kwambiri, imapitiriza kujambula koma zithunzizo osatseguka mukafika kunyumba. Chizindikiro chake n'chakuti vuto limabwera mwambo uli pakati, ndipo mukafufuta zonse limatha kwa kanthawi. Khadi lililonse latsopano, kaya mwagula m'mbali mwa msewu kaya m'sitolo ya magalasi owala, liyeseni pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw. Imalemba khadi lonse mpaka kudzaza ndiye n'kuwerenga zomwe yalembazo. Zimatenga nthawi, mwina ola kapena kuposerapo, koma ikapeza cholakwika khadilo lisalowenso mu kamera.

Khadi labwino nalo limasokonezeka likamayendayenda: lero mu kamera, mawa mu kompyuta ya kosindikizira zithunzi, mkuja mu foni ya mnzanu. Makompyuta a anthu ambiri amasiya mavairasi ndi mafayilo achilendo. Koperani zithunzi zanu zonse malo awiri, mutsegule zingapo kuti mutsimikize kuti zakoperedwadi, ndiye mufomate khadilo (kufufuta zonse n'kuliyambitsa mwatsopano) mu kamera momwemo, osati pa kompyuta. Pa Canon chongani Low level format. Chizoloŵezi chofufuta chithunzi chimodzichimodzi kwa miyezi osafomata chimachedwetsa khadi.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono. Kaswichi ka Lock ka m'mbali mwa khadi kakakhwepa kamatsika kokha pamene mukulilowetsa, kotero lero kamera ikuti khadi ndi lokhoma, mawa ayi. Ena amamatapo kaselotepi. Kangakupulumutseni tsiku limodzi, koma kakamatuka kamatsalira m'kati mwa kamera, ndiye bwino kungosintha khadi. Kakhadi ka foni koikidwa mu adaputala kamawonjezera malo ena olumikizira omwe amalekana kamera ikagwedezeka, ndipo pa ntchito yolipidwa sitikalimbikitsa. Makamera akale monga Nikon D3000 ndi Canon 1000D salandira makhadi a SDXC, omwe ndi a 64GB kupita m'mwamba; amafuna a 32GB kapena ochepera. Ndipo nambala za mafayilo zikafika pa foda 999 ndi chithunzi 9999, kamera imakana ngakhale malo alipo ambiri. Fomatani khadi ndipo muyambitsenso kawerengedwe ka mafayilo mu menyu. Canon ikalemba Err 02 ikunena za khadi, Err 04 ndiye kuti ladzaza. Nikon imalemba CHA kapena Card Err, ndipo For ikutanthauza kuti khadi silinafomatidwe.

Batire looneka lodzaza

Batire la kamera zambiri za lenzi yochotsa, monga LP-E10 la Canon kapena EN-EL14 la Nikon, limalembedwa 7.2V kapena 7.4V, ndipo likangochoka pa tchaja limakhala pafupifupi 8.4V. Kuyatsa sikirini sikufuna mphamvu zambiri, n'chifukwa chake batire lokalamba limasonyeza kuti ndi lodzaza. Koma mukadina batani, mota ya fokasi, kalilole wa m'kati mwa kamera, shata ndi fulashi zimakoka magetsi nthawi imodzi, ndipo batire lotopa limagwa mphamvu mwadzidzidzi. Kamera imakana, kapena imazima n'kuyakanso, kapena kalilole amatsakamira m'mwamba kagalasi kosuzumirira n'kuda bii. Ikapuma pang'ono batire limadzukanso, n'kujambula zithunzi zina zingapo. Ngakhale mita yoyezera magetsi ikhoza kukunamizani pano, chifukwa imayeza batire lisakugwira ntchito. Kuyesa kodalirika ndi kubwereka batire lodziwika kuti ndi labwino, n'kujambula nalo mofanana ndi mmene munkachitira pamene inakana.

Magetsi akamazimazima, batire lomwe mwalisiya pa tchaja usiku likhoza kukhala kuti silinadzaze. LP-E10 limafuna pafupifupi maola awiri osadukiza. Onani kanyale ka pa tchaja m'malo mongowerengera kuti lagona pamenepo. Makamera ogwiritsa LP-E6 kapena EN-EL15 ali ndi tsamba mu menyu losonyeza ukalamba wa batire, ndipo pa Nikon 0 ndi latsopano, 4 ndi lotha ntchito. Batire lomwe layamba kuthina polowa kapena potuluka latupa. Lisiyeni, musalitchajenso.

Pukutani tizitsulo ta batire ndi ta m'kati mwa kamera ndi kansalu kouma. Onaninso chitseko cha batire ndi cha khadi: chilichonse chili ndi kaswichi kobisika, ndipo chitseko chothyoka kadzino chimatseguka pang'ono dzanja likafinya, kamera n'kuganiza kuti mwatsegula. Ngati imazima mukaigwira mwanjira inayake, makamaka mukaitembenuza, kaikirani pamenepa. Amene muli ndi chogwirira cha mabatire chomangirira pansi, limbitsani gudumu lake, chifukwa limamasuka lokha.

Makamera a mabatire a AA, monga ma Nikon Coolpix ena ndi Fujifilm FinePix, sagwirizana ndi mabatire otchipa a mu tochi ndi wailesi. Amatha kuyatsa kamera koma kujambula ayi. Gulani otchaja a NiMH a 2000mAh kapena kuposa, musasakanize akale ndi atsopano, ndipo muuze kamera mu menyu mtundu wa mabatire omwe mwaikamo.

Fulashi ndi zomwe zinasinthidwa mwangozi

Fulashi ya pa kamera imafuna masekondi awiri kapena atatu kuti idzazenso ikawomba, batire likamatha imachedwa kuposa apo, ndipo kufikira kachizindikiro ka mphezi katayaka kamera sijambula. Mukaiwombetsa kambirimbiri motsatizana imatentha, kamera n'kuipumitsa. Kukweza ISO, muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala, kufika pa 800 kumachititsa kuti iziwomba ndi mphamvu zochepa, motero imadzaza msanga.

Kamera yobwerekana imabwera ndi zake. Ikakhala pa taimala ya masekondi 10 imaoneka ngati yakana. Mirror lockup ikayatsidwa, kudina koyamba kumangotukula kalilole, phokoso n'kumveka ngati yajambula, koma chithunzi chimabwera pa kudina kwachiwiri. Long exposure noise reduction, yochotsa timadontho pa zithunzi zomwe shata yatseguka nthawi yaitali, imachititsa kuti chithunzi cha usiku cha masekondi 20 chitsatidwe ndi masekondi enanso 20 a kudikira, Nikon ikulemba Job nr. M'malo mosakasaka chimodzichimodzi, bwezerani zonse mmene zinachokera ku fakitale: Clear settings pa Canon, Reset pa Nikon ndi ena. Zithunzi za pa khadi sizifufutika mukatero.

Lenzi ikasiya kuyankhula ndi kamera

Kumbuyo kwa lenzi kuli tizitsulo ta mtundu wa golide tomwe timakhudzana ndi timapini ta pa kamera. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala likasakanikirana ndi mafuta a m'manja limapanga kautoto kosaoneka bwino ndi maso, kokwanira kudula uthenga mwa apo ndi apo. Canon imalemba Err 01, Nikon imasonyeza F ndi timizere tiwiri pamalo pa nambala ya apecha, kabowo ka m'kati mwa lenzi kodutsa kuwala. Zimitsani kamera, chotsani lenzi kamera itayang'ana pansi, pukutani tizitsuloto ndi kansalu kopukutira magalasi konyowetsedwa ndi dontho limodzi la spiriti ya isopropyl, dikirani paume, ndiye mubwezere mpaka mumve kuti yakhoma. Musagwiritse ntchito malovu, sandipepa kapena mpeni, ndipo musakhudze kalilole. Lenzi yakale ya Nikon yokhala ndi mkombero wa apecha ikalemba FEE, zungulizani mkomberowo kufika pa nambala yaikulu kwambiri n'kukhoma. Malenzi ena a 18-55mm a Nikon amapindika posunga, ndipo sajambula kufikira mutadina kabatani kake n'kuwatambasula.

Mukapukuta koma vuto osatha, yesani izi. Jambulani pa 18mm, pa 35mm ndi pa 55mm, kangapo paliponse. Kenako ikani pa Av (Canon) kapena A (Nikon), pomwe mumasankha nokha apecha, mujambule apecha itatseguka kotheratu, mubwerezenso mutaichepetsa kufika pa f/11. Ikamakana pa zumu imodzi yokha, kapena ikamajambula yotseguka n'kumakana pa f/11, kawaya kafulati ka m'kati mwa lenzi kayamba kuthyoka chifukwa chopindika nthawi iliyonse mukazuma. Kameneka sikapukutidwa, kamasinthidwa ndi wokonza. Lenzi ina ikajambula bwino pa kamera yomweyo, mwatsimikiza, ndipo pa lenzi yotchipa ya 18-55mm yerekezani mtengo wokonzetsa ndi wogula ina yogwiritsidwapo kale ntchito musanalipire.

Nyengo

Makamera ambiri anapangidwira kutentha kwa pakati pa madigiri 0 ndi 40. Kamera yakuda yosiyidwa padzuwa la mu Okutobala, kapena m'galimoto yotseka mawindo, imapitirira pamenepo msanga, ndipo kwa otsika kukajambula ku Chikwawa ndi ku Nsanje n'kuposa apa. Kujambula vidiyo kapena kuyang'anira pa sikirini kwa nthawi yaitali kumatenthetsa sensa, kachipangizo kolandira chithunzi m'kati, kachizindikiro ka kutentha n'kuyaka, kamera n'kudziletsa yokha. Izimitseni, chotsani batire, tsegulani sikirini ngati ndi yotembenuka, ikhale pamthunzi mphindi 10 kapena 15. Mu fuliji ayi.

Chinyezi ndiye chimaononga mwakachetechete. Mvula ya Disembala mpaka Malichi imaoneka, anthu amabisa makamera, koma chiperoni cha mu Juni ndi Julaye ambiri amachipeputsa, pomwe timadontho take timalowa m'mabatani ndi m'magudumu. Kutuluka m'chipinda kapena m'galimoto yozizira kulowa panja pa chinyezi kumapangitsa mame m'kati. Kamera ikanyowa, musaiyatse kuti muone ngati ikadali moyo. Chotsani batire ndi khadi, siyani zitseko zotsegula, iikeni m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a zamagetsi, kwa masiku awiri. Musaiike mu mpunga: umasiya fumbi lake m'kati ndipo suumitsa mokwanira.

Batani ndi shata

Zonsezi zikayesedwa, pamatsala batani lenilenilo. Lili ndi magawo awiri, loyamba la fokasi, lachiwiri lojambula, ndipo thukuta la mchere ndi fumbi zimadya gawo lachiwirili. Fokasi imagwira, kadontho kobiriwira kayaka osaphethira, palibe uthenga uliwonse, koma muyenera kufinya mwamphamvu kapena kupendeketsa chala kuti ijambule. Kuti mutsimikize, jambulani osadzera pa batanilo: ndi rimoti ya waya, ndi batani la pa chogwirira cha mabatire, pokhudza sikirini ngati kamera yanu imalola, kapena ndi foni kudzera pa Camera Connect ya Canon kapena SnapBridge ya Nikon pa makamera omwe amatha kutero. Taimala siyothandiza pa kuyesaku chifukwa nayo imayambira pa batani lomwelo. Ikamajambula nthawi zonse mwa njira inayo, batani ndi lomwe latha, ndipo ndi ntchito yaing'ono kwa wokonza wodziwa. Musathiremo WD-40 kapena mafuta a mtundu uliwonse, amayenderera mpaka pa bolodi la zamagetsi la m'kati.

Shata nayo imatha. Ya makamera otsika mtengo inayesedwa kufika pafupifupi zithunzi 100,000, nambala yomwe wojambula maukwati Loweruka lililonse amaifika m'zaka zochepa, ndipo kamera yogula kwa wina imabwera itadya kale gawo lake. Nikon imalemba chiwerengerochi m'kati mwa fayilo ya chithunzi chilichonse, pomwe pa Canon pamafunika pulogalamu ya pa kompyuta. Shata yotopa imayamba ndi mzere wowala kapena chigawo chakuda pa zithunzi za liwiro lalikulu monga 1/2000, kenako Err 20 kapena Err 30 pa Canon, ndi Err yophethira pa Nikon. Err ya Nikon ikabwera kamodzi dinaninso batani, kawirikawiri imachoka; ikamabwerabwera ndi batire lodzaza labwino, nthawi ya kwa okonza yakwana. Nokha musamasule kamera. Kapasita ya fulashi, kachipangizo kounjika mphamvu yake, imasunga magetsi a pafupifupi 300V ngakhale batire litachotsedwa.

Popita kwa okonza tengani kamera, lenzi, batire ndi khadi zomwe zinalimo pamene inakana, osati kamera yokha. Lembani nambala ya Err ndendende mmene inaonekera, zomwe munayesa kale ndi zotsatira zake. Popeza vutoli limakonda kubisala pa tebulo la wokonza, pemphani mnzanu alijambule vidiyo pa foni likamachitika, sikirini ndi kanyale ka khadi zikuoneka. Gwirizanani kuti akuuzeni mtengo asanasinthe chipangizo chilichonse, ndiponso kuti akubwezereni chakalecho.